Theka la Inchi M'khwapa mwa Bwana

Amuna anga ndi telala. Pa zaka makumi atatu zimene takhala m'banja ndinawamva akukalipa kawiri kokha, ulendo wina akukalipira galu amene anathawitsa nsapato yawo, ulendo wina akukalipira ine, ndipo tsiku limenelo wolakwa ndinalidi ine. Za ine ndiye musafunse. Mulungu pogawa mitima anandipatsa wosachedwa kuwira ngati mkaka wa pamoto. Anzathu a kutchalitchi amati m'nyumba mwathu mumakhala madzi ndi moto, ndipo palibe amene anafunsapo kuti moto ndi ndani.

Ine ndimaluka tsitsi la anthu pakhonde pathu. Iwo amagwira ntchito pa shopu yosoka masuti ndi mayunifolomu, chipinda chachitali chokhala ndi makina asanu ndi amodzi, tebulo lodulirapo nsalu, ndi galasi lalikulu kumapeto. Analowa pamenepo asanamere ndevu, mwini wake woyamba ali moyo. Mkuluyo atamwalira, shopu inatsala m'manja mwa mwana wake, mnyamata amene kabudula wake woyamba wa kusukulu anasoka ndi amuna anga omwewa. Antchito anamupatsa dzina lakuti Mphenzi, chifukwa amang'anima ngakhale kunja kulibe mtambo.

Amuna anga ali ndi kachitidwe kawo kamene sanaphunzitsidwe ndi munthu. Asanadule nsalu iliyonse amayala dzanja pamwamba pake, n'kutsinzina pang'ono, n'kupempherera munthu amene adzavale chovalacho. Likakhala diresi la namwino amapempha kuti asatope ndi odwala. Ikakhala suti ya wokafunsira ntchito amapempha kuti lilime lisakamugwe. Ndinawasekapo poyamba, ndinati kodi Mulungu alibe zochita kuti azimvera nkhani za mathalauzi?

"Amayi, nsalu ukadula wadula," anandiyankha. "Sibwereranso. Ndiye kuli bwino kuyamba wafunsa."

Mwini shopu wakale ankawasiya. Mphenzi ndiye zinkamunyansa.

"Iwe mdala, kuno si kutchalitchi! Ndimakulipira kuti usoke, osati uzigona choimirira!"

Amatero pamaso pa makasitomala. Thalauzi likamuipira amaliponya pansi kuti bambo wa imvi awerame alitole. Magalasi awo akagwera pamphuno amafunsa anthu onse ngati alipo amene akudziwa kumene amagulitsa maso atsopano. Amuna anga amangotola thalauzilo, n'kusasa fumbi, n'kubwerera pa makina.

Koma kunyumba ndimaona ndine. Munthu amene amalowa pakhomo akung'ung'udza nyimbo za kwaya anayamba kulowa mwakachetechete ngati mlendo. Amakhala pampando osavula nsapato, tiyi n'kuzizira m'kapu. Zimandipweteka kwambiri, chifukwa munthu ameneyu ndimamukonda, ndipo ndikudziwa kuti sanalakwirepo munthu.

M'mawa uliwonse timagwada pambali pa bedi tisanatuluke. Ine ndimayamba, iwo amamaliza. Masiku amenewo mapemphero anga anali ndi mano.

"Ambuye, mnyamata uja mukumuona. Inu simugona. Mugwireni, mumugwedeze, adziwe kuti mwamuna uyu ali ndi mwini wake."

"Koma osamupweteka," amuna anga amaonjezera chapansipansi.

"Abambo, musamalowerere pemphero la mnzanu. Dikirani nthawi yanu."

Nthawi yawo ikafika amangopempha mtima wodekha ndi maso oona bwino ulusi. Pakhomo ndimawakonza kolala, n'kugwira manja awo onse awiri. Ndimawauza kuti amene anawapatsa manja amenewa si Mphenzi, ndipo mawu ake sangawachotse. Amamwetulira, n'kunyamuka. Ndinkati ndikuwalimbikitsa bwino, ndipo mwina ndinalidi kutero, mpaka tsiku limene lilime langa linapitirira malire.

Mphenzi anapeza mkazi womukwatira. Musandifunse kuti zinatheka bwanji, Mulungu ali ndi chifundo ndi aliyense. Lachiwiri lina anabwera ku shopu ndi mtsikanayo, atanyamula nsalu yabuluu yodula kwambiri, n'kuiponya patebulo pamaso pa amuna anga.

"Suti yanga ya ukwati usoke iwe. Enawa angandionongere. Koma manja ako opempherawo usaikepo."

Mtsikanayo, mwaulemu wake, anafunsa kuti bambowa ndi ndani. Mphenzi anaseka.

"Uyu? Ndinamupeza momwemo. Bambo anandisiyira pamodzi ndi mipandoyi."

Madzulo amenewo amuna anga anandifotokozera tikudya. Anayamba ngati akusimba nthabwala, koma atafika pa mawu akuti mipando, mawu anawathera. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya, kupukuta, kupukuta, magalasi oyera kale. Ndinaona misozi. Mwamuna amene sanalire ngakhale pamene makina anamuboola chala mpaka singano kutulukira kuseri.

Ndinaika supuni pansi. Ndinawafunsa kuti kodi telala alibe kobwezera? Wophika akakwiya amachulutsa mchere, wometa amalakwitsa dala kumbuyo kumene mwini mutu saona. Nanga telala?

Anaseka, kuseka kwawo koyamba m'masabata ambiri, ndipo kusekako n'kumene kunandinyenga. Anati kalipo kanjira kamene matelala akale ankanong'onezana. Podula jekete, malo olowetsa mkono umawachepetsa ndi theka la inchi cha m'khwapa. Pagalasi jekete limaoneka bwino kuposa lina lililonse, mwini wake n'kukuthokoza. Koma akakhala nalo ola limodzi limayamba kuluma. Sangakweze dzanja, sangakumbatire munthu, thukuta lili kamukamu, ndipo sadziwa chimene chikumuvuta.

"Basitu!" ndinatero. "Ambuye ayankha."

"Amayi, amenewo si Ambuye."

"Theka la inchi, abambo. Simukumupha. Iye wakhala akukulumani m'khwapa zaka zitatu, inu tsiku limodzi lokha mukuopa?"

Anakana Lachiwiri. Anakana Lachitatu. Koma ine ndikaigwira nkhani sindiitaya, makasitomala anga amadziwa mmene ndimakokera tsitsi. Ndinawakumbutsa za thalauzi loponyedwa pansi, za maso atsopano, za mipando. Lachinayi Mphenzi anandithandiza yekha, anawatchula kuti nkhalamba yogontha pamaso pa ana a sukulu odzayesa mayunifolomu. Lachisanu madzulo amuna anga analowa m'nyumba, n'kuima pakhomo.

"Ndadula," anatero.

Ndinaomba m'manja. Ndinawaphikira nkhuku tsiku losakhala la chikondwerero. Anadya pang'ono.

M'mawa mwake tinagwada monga mwa masiku onse. Ndinapemphera ine, mokondwa ndithu, n'kudikira. Zii. Ndinatsegula diso limodzi. Anali chogwada, manja atagwirana, milomo yatsekeka.

"Abambo, nthawi yanu."

"Ameni," anatero, n'kudzuka.

Sabata yonse yotsatira zinali choncho. Suti inkasokedwa, ndipo anzawo a ku shopu amati sanaonepo jekete lokongola chotere, koma kunyumba kwanga kunalowa munthu wina. Kale Mphenzi amawabweza ali ovulala, koma amabwera ali amuna anga. Tsopano amabwera ngati chovala chopachika pa msomali. Ndinawafunsa ngati akupemphererabe nsalu za anthu ena. Anapukusa mutu. Anati akayala dzanja pa nsalu amangoona yabuluu ija, ndiye amangodula.

Lamulungu kunali Mgonero. Anthu a mzere wathu atadzuka kupita kutsogolo, ine ndinadzuka nawo, n'kuyenda masitepe atatu ndisanazindikire kuti kumbuyo kwanga kulibe munthu. Nditacheuka ndinawaona atakhala okha pa benchi lonse, chipewa chili pa maondo, akuyang'ana pansi. Pa zaka makumi atatu sanaphonyepo Mgonero, ngakhale nthawi imene anadwala malungo anachita kuyenda chogwira makoma. Pamenepo ndinachita manyazi amene sindinachitepo. Walira mvula walira matope. Mphenzi ndi chipongwe chake chonse analephera kuwalanda pemphero amuna anga zaka zitatu, ine mkazi wawo ndinawalanda m'masiku anayi.

Pobwerera kunyumba tinayenda mpaka pa mphambano.

"Kodi jekete lija lingakonzeke?" ndinafunsa.

Anatembenukira kwa ine. "Kuchotsa manja onse awiri, kukulitsa malowo, n'kulumikizanso. Lingakonzeke. M'kati mwa msoko wa mkono ndinasiyamo nsalu yokwanira."

"Munasiyiranji ngati munafuna kumukhaulitsa?"

"Sindikudziwa, amayi. Manja angawa anakana kuchimwa mpaka kumapeto."

Ukwati unali Loweruka lotsatira, ndipo Mphenzi amayenera kudzayesa jekete Lolemba masana. Makiyi a shopu amasunga ndi amuna anga chifukwa ndiwo amayamba kufika. Lolemba tinanyamuka kutangocha. Anati nditsale, ine ndinati amene anakoleza moto ndiye atunge madzi, ndipo zala zozolowera kumasula tsitsi sizingalephere ulusi.

Aka kanali koyamba kulowa m'shopumo patapita zaka zambiri. Munali fungo la nsalu zatsopano ndi mafuta a makina. Jekete linali pa chopachikira pafupi ndi galasi, ndipo kunena zoona linali lokongola moti ndinachita nalo mantha. Anandipatsa lezala, n'kundionetsa poyambira. Iwo anatenga mkono wakumanja, ine wakumanzere. Msoko wa amuna anga ndi wothinana, sumasuka mwachibwana.

"Mukanasoka mwaulesi bwenzi titamaliza," ndinadandaula.

"Samalani nsalu ya m'katiyo, amayi. Limenelo si tsitsi, silimeranso."

Manja onse awiri atachoka, anajambula ndi choko mzere watsopano m'khwapa, n'kutenga sizasi. Anaima. Ndinaona dzanja lawo litaima m'malere pamwamba pa nsalu, likufuna kutera, likuopa. Ndinaligwira n'kulitsitsa ndekha, langa pamwamba pa lawo.

"Pempherani, abambo. Ine nditseka pakamwa."

Anatsinzina. Mawu anatuluka movutikira ngati chitseko chadzimbiri. Anapepesa kwa Mulungu, kenaka anapempha kuti mwini jeketeli akakweze manja momasuka pa tsiku lake, ndi kuti mtsikana uja akapeze mwamuna wofatsa m'nyumba. Anadula. Atamaliza anapumira m'mwamba, nkhope yawo n'kubwerera m'malo mwake.

Tinali tikumangirira manja aja ndi mapini pamene chitseko chinatseguka. Mphenzi, amene safika nthawi isanakwane naini, tsiku limenelo anafika seveni isanakwane. Anayang'ana jekete lake lili zidutswa patebulo, anayang'ana ine ndili ndi lezala m'manja, maso ake n'kufiira.

"Ichi n'chiyani? Iwe mdala wapenga? Ukwati wanga uli Loweruka! Ndipo mayi uyu akufuna chiyani m'shopu mwanga?"

Ndinadzuka. Mawu amene ndinawasunga zaka zitatu anali atafika kale pakhosi, atandandalika bwinobwino, woyamba mpaka womaliza.

"Amayi, khalani pansi," anatero amuna anga.

Sanakweze mawu, koma ndinakhala. Mpaka lero sindidziwa kuti miyendo yanga inamvera bwanji.

Anamaliza kulowetsa mapini, n'kunyamula jekete. "Bwana, bwerani pagalasi. Valani."

"Ndikufunsa kuti..."

"Ndikuyankhani mutavala. Pang'onopang'ono, muli mapini. Eya. Tsopano kwezani manja. Musagwedezeke, angakubayeni."

Pa ntchito ya utelala pali kanthawi kamodzi kokha pamene ngakhale mfumu imamvera telala, ndiko poyesa chovala. Mphenzi anaima pagalasi manja ali m'mwamba ngati wagwidwa ndi apolisi, mapini atamuzungulira m'khwapa monse. Amuna anga anaima kumbuyo kwake, akukonza phewa, n'kuyamba kulankhula naye kudzera pagalasi.

"Jekete ili ndinalichepetsa dala m'khwapa, theka la inchi. Likanakulumani tsiku lonse la ukwati wanu, osadziwa chifukwa chake. Palibe akanandigwira. Ndinachita chifukwa cha mawu aja munanena pamaso pa mayi athu odzakwatiwawo, akuti munandipeza pamodzi ndi mipando. Ndalakwa, ndipo ndikupepesa. Ndabwera kudzakonza."

Mphenzi anatsegula pakamwa, n'kuyamba kutsitsa dzanja. Pini inamukumbutsa, analibweza m'mwamba.

"Sindinathe, bwana. Ine ndine munthu, ndili ndi ana aakulu ngati inu. Mukandiponyera thalauzi pansi ndimatola, koma zimandiwawa. Ngati mukundichotsa ntchito, mundichotse Lachitatu nditamaliza, jekete lisapite kuukwati lopanda manja. Koma ngati nditsale, ndizipemphera ndisanadule nsalu. Munandiletsa, ndinasiya, ndipo mwaona zimene manja angawa amachita akapanda kupempherera."

 Panja galimoto inadutsa. Ine ndinachita mantha, chifukwa ntchito imeneyi ndi moyo wawo wonse, ndipo pa msinkhu wawo palibe shopu ina ikanawalandira. Mphenzi anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali. Kaya amaona chiyani, kaya jekete, kaya nkhope ya bambo ake, sindikudziwa. 

"Ndingatsitse manja?" anafunsa.

"Pang'onopang'ono."

Amuna anga anamuvula jekete mosamala ngati akuvula mwana. Mphenzi anakonza malaya ake, osayang'ana aliyense wa ife, n'kulunjika ku kaofesi kake. Pakhomo anaima, atatifulatira.

"Lachitatu likhale litatha. Ndipo Lachinayi kukubwera mayunifolomu a achitetezo makumi anayi, adula ndani mukachoka?" Anagwira chitseko. "Zopempherazo muzichita mwachangu."

Anatseka chitseko. Kupepesa sanapepese, ndipo musaganize kuti anasanduka mngelo, pofika masana anali atakalipira kale wosita zovala. Koma Lachitatu jekete linatha, ndipo Lachinayi amuna anga anapita kuntchito.

Ine ndinkati nkhani yathera pamenepo. M'mawa wa Loweruka, tsiku la ukwati, tinagwada pambali pa bedi. Ndisanatsegule pakamwa iwo anati lero ayamba ndi iwo. Anapemphera nthawi yaitali ngati munthu amene wabwera kuulendo ali ndi nkhani zambiri. Anatchula ana athu, anatchula anzawo a ku shopu, anatchula akwati. Kenaka anandigunda ndi chigongono.

"Nthawi yanu, amayi. Mumupempherere bwana."

"Mwamupempherera kale inu. Mulungu si wogontha."

"Ine ndamaliza naye. Mwatsala ndinu."

Ndinayesa. Ndinati, "Ambuye, mnyamata uja," n'kuima, chifukwa njira yokha imene lilime langa limadziwa kuchokera pamenepo inali ya kumugwira ndi kumugwedeza. Ndinayambanso, n'kuimanso pomwepo. Ndinazindikira kuti munthu ameneyu ndimamuda, ndipo chidanicho ndinachisamala zaka zitatu n'kumachitcha chikondi cha pa amuna anga.

"Sindingathe, abambo," ndinatero. "Anakulizani. Ndinaona ndi maso anga."

Anagwira dzanja langa. Zala zawo n'zokhakhala kunsonga chifukwa cha singano.

"Nenani pambuyo panga. Ambuye."

"Ambuye."

"Mwana uja."

"Si mwana, ndi chimunthu chachikulu chopanda..."

"Amayi."

"Mwana uja."

"Mumudalitse lero."

Mawu awiri okha, koma anali olemera ngati ndowa yodzaza. Ndinakukuta mano. Amuna anga sanandifulumize, anangodikira, chala chawo chachikulu chikusisita dzanja langa, mpaka maondo anayamba kundiwawa. Kunja kasitomala wanga woyamba anali atayamba kale kuodira pakhonde.

"Mumudalitse lero," ndinatero.

Ndinagwetsa nkhope paphewa pawo n'kulira ngati mwana, ndipo anandisiya ndilire mpaka ndinamaliza.